Mkamwini ndi Denga la Apongozi ku Khayelitsha

Dzina lakuti Khayelitsha m'chinenero cha Chixhosa limatanthauza "kwathu kwatsopano". Pamene nduna ya boma la tsankho, Piet Koornhof, inkalengeza mu 1983 kuti anthu akuda a mumzinda wa Cape Town adzasamutsidwira kumeneko, malowo anali milu ya mchenga ndi zitsamba, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa mzinda, kufupi ndi gombe la False Bay. Mchengawo anausalaza ndi mathirakitala, ndipo pamwamba pake anandandalikapo tinyumba ta mabuloko, tofanana ngati mabokosi a machesi. Boma linkati timeneti ndi chiyambi chabe cha nyumba, okhalamo adzawonjezera okha zipinda akadzapeza ndalama. Tinyumba toyambato tsopano takwanitsa zaka 40. Mudzi uja unkatchedwa watsopano wakula mpaka kalembera wa 2011 anapezamo anthu oposa 390,000, ndipo m'madera ake akale makoma ayamba kung'aluka, madenga ayamba kudontha.

Imodzi mwa nyumba zimenezi ndi ya mayi wina wachikulire yemwe analowamo mu 1985 pamodzi ndi mwamuna wake ndi ana atatu. Anachokera ku Transkei, ndipo kwa zaka zambiri anakhala mu Cape Town mobisala, pakuti malamulo a chiphaso, amene anathetsedwa mu 1986, sankamulola kutsatira mwamuna wake mumzinda. Anagonapo m'zisakasa za mapulasitiki zimene apolisi ankagwetsa m'mamawa. Munthu wotere mukamuuza kuti nyumba yake ndi yaing'ono ndiponso yoipa, amangokuyang'anani. Kwa iye tizipinda tiwirito ndi malo oyamba pamene anagona tulo osatchera khutu ku kulira kwa galimoto ya apolisi.

Mu 2006 kunafika mnyamata wina wa ku Dedza, mmisiri womanga nyumba, yemwe anadzera njira yodziwika ya anthu opita ku Joni: Tete, Nyamapanda, Beitbridge, kenako ulendo wautali wotsikira kumwera. Anachita lendi kachisakasa ka malata kuseri kwa nyumba ya mayiyu. M'mwezi wa Meyi 2008, pamene chipolowe chothamangitsa alendo chinafika ku Cape Town, mayiyo anamulowetsa m'nyumba, namugoneka pansi pa tebulo kwa masiku angapo, ndipo aliyense wogogoda ankamuyankha ali chiimire pakhomo kuti muno muli ana ake okha. Patapita zaka zitatu mnyamatayo anakwatira mwana wamkazi wa m'nyumbamo.

Apa panakumana miyambo iwiri yosadziwana. Kwa Axhosa mwamuna amapereka malowolo n'kutenga mkazi kupita naye kwawo. Mwamuna wokhala kwa apongozi ake anthu amamuyang'ana cham'mbali. Kwa Mchewa wa ku Dedza kukhala kuchikamwini si chachilendo, ndi mmene anakhalira bambo ake ndi agogo ake. Iye anachita zonse ziwiri: malowolo anapereka, ndipo pakhomo pa apongozi anakhalapo. Amalume ake atamva, anaseka pa foni kuti, "Mphwanga, iwe ndiye wagula khasu n'kukalimanso m'munda wa eni." Chimene chinamuvuta poyamba chinali china. Kwawo mkamwini ndi apongozi aakazi amapatukirana panjira, koma muno ankadyera pa tebulo limodzi, mawondo pafupi kugundana, chifukwa malo ena odyera kunalibe.

Ganizo lokonza nyumba linabwera ndi mkazi wake. Ankagwira ntchito m'nyumba za anthu olemera kufupi ndi phiri la Table Mountain, ndipo ankadziwa bwino mmene khitchini yamakono imaonekera. Ankafuna matailosi pansi, makabati a m'khitchini, penti yowala ndi mpanda wa njerwa wokhala ndi geti. Palibe angamudzudzule. Munthu amene tsiku lonse wakolopa matailosi a eni ake amafuna madzulo apondeko ake. Koma mwamuna wake, pokhala mmisiri, ankaona zina. Khoma loyang'ana kumpoto chakumadzulo linali lakuda ndi chuku kuyambira pansi mpaka m'chiuno. M'mawa wa mwezi wa Julaye madontho ankagwa kuchokera kudenga ngakhale kunja kusakugwa mvula. Apongozi ake ankatsokomola nyengo yonse yozizira. Kupaka penti pamwamba pa zimenezi kukanakhala chikomekome cha mkuyu.

Wowerenga wa ku Malawi, ku Chipata kapena ku Angonia ayenera kudziwa kuti nyengo ya ku Cape Town ndi yotembenuka. Mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo imabwera chopingasa ndi mphepo yochokera kumpoto chakumadzulo, n'kumamenya khoma m'malo mwa denga. Nyumba za anthu opeza bwino amazimanga ndi makoma awiri okhala ndi mpata pakati kuti madzi asadutse. Tinyumba ta m'makomboni tili ndi khoma limodzi la mabuloko obowoka, ndipo madzi amalowa ngati m'nsalu. Pansi napo madzi ali pafupi, chifukwa dera lonse la Cape Flats ndi mchenga wosunga madzi. Ndiye m'kati anthu asanu ndi mmodzi akupuma, mphika ukuwira, chitofu cha palafini chikuyaka, mawindo ali otseka chifukwa cha kuzizira ndi akuba. Nthunzi yonseyo ikakhudza denga lozizira imasanduka madzi n'kubwerera pa mabulangete. Khayelitsha ndi limodzi mwa madera amene chifuwa chachikulu cha TB chavutitsa kwambiri mu South Africa, ndipo nyumba yothinana, yopanda mpweya woyenda, ndi bwenzi la matendawa.

Asanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, mmisiriyu anafunsa funso limene linadetsa nkhope za anthu m'nyumbamo. Anati, "Amayi, kodi chikalata cha nyumba ino chili m'dzina la yani?" Mayiyo anatulutsa chikwama cha pulasitiki pansi pa matiresi. M'zaka za m'ma 1990 boma linapereka nyumba zambiri za lendi kwa okhalamo, ndipo iyi inalembedwa m'dzina la mwamuna wake. Bamboyo anali atamwalira kalekale, koma pa pepala anali akadali mwini nyumba. Palibe anapita kukalembetsa chuma cha masiye. Maliro anachitikira kumudzi ku Eastern Cape, anthu anabwerako, moyo unapitirira.

Nkhani yotere si ya banja limodzi. M'makomboni a South Africa muli nyumba zambirimbiri zimene mwini wake wa pa pepala ali kumanda, kapena anagulitsa pamaso pa komiti ya mumsewu n'kusamuka, osasintha dzina ku ofesi yolembetsa malo. Kalata yosainirana pamaso pa komiti kapena kupolisi imathandiza kukumbutsa anthu zimene anagwirizana, koma siisamutsa umwini. Nyumba yotere simungaikonzere mapulani ovomerezeka mosavuta, simungaikongolere ndalama, ndipo tsiku la mkangano aliyense amatulutsa mbiri yake. Vutoli ndi lalikulu moti mu 2018 mabungwe a Centre for Affordable Housing Finance in Africa ndi 71point4 anatsegula ofesi yapadera ku Makhaza, m'Khayelitsha momwemo, yothandiza anthu kulongosola zikalata za nyumba zawo.

Mkangano sunachedwe. Mwana wamwamuna woyamba, yemwe ankakhala kudera lina la mzindawo, anamva kuti mlamu wake wachilendo akufunsa za chikalata, ndipo anabwera Lamlungu nkhope ili gwa. Kwa iye nkhaniyo inali yachidule: nyumba ya bambo ndi ya mwana wamwamuna wamkulu, ndipo munthu wofunsa za mapepala a nyumba ya eni ali ndi cholinga. Sitingamuweruze msanga. Anakulira m'nyumbamo, anathandiza bambo ake kukhoma chitseko chake, ndipo anaonapo anzake akutaya nyumba za makolo chifukwa cha alamu ochenjera.

Koma lamulo linali litasintha, ndipo linasinthira pa mlandu wochokera ku Khayelitsha komweko. Mu 2004 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mlandu wotchedwa Bhe, wokhudza ana awiri aakazi amene bambo awo anamwalira osasiya wilo. Potsata lamulo lakale, chuma chonse chinapatsidwa kwa agogo awo aamuna, amene ankafuna kugulitsa malo amene anawo ndi mayi awo ankakhalapo kuti alipire ngongole za maliro. Khotilo linati mwambo wopatsa chuma mwamuna yekha ukusemphana ndi malamulo a dziko. Kuchokera pamenepo mkazi wamasiye ndi ana onse, aakazi ndi aamuna, amawerengedwa pogawa chuma. Ku Malawi nako lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye linakusandutsa mlandu. Alangizi a m'midzi amadziwa okha kutalika kwa mtunda umene ulipo pakati pa lamulo lolembedwa ndi zimene zimachitika pa tsiku la kusesa.

Pa msonkhano wa banja mkamwini analankhula pang'ono. Akuluakulu kwawo amati mkamwini asamakule mwendo, ndipo iye anadziwa kuti mawu ake akachuluka aononga zinthu. Anangoti, "Alamu, ine sindikufuna dzina langa pa pepala limeneli. Ndikufuna likhale la amayi. Denga ndikhoma, koma ndikhomere munthu wamoyo." Amene anamaliza nkhani anali mayi mwini. Anakumbutsa mwana wake za usiku umene anawanyamula atatu onse kuthawa moto wa zisakasa, n'kumufunsa kuti pa usiku umenewo mwana wamwamuna wamkulu anali ndani. Mnyamatayo sanayankhe.

Kulongosola mapepala kunatenga nthawi yoposa chaka. Panafunika kalata ya imfa, kalata ya ukwati, ziphaso za ana onse, ulendo wopita ku ofesi yoona za chuma cha masiye mumzinda, loya wosamutsa umwini, ndi kubweza ngongole ya madzi imene inaunjikana. Pa miyezi yonseyo nyumba sinasinthe maonekedwe ngakhale pang'ono, ndipo ndalama zinkapita. Mkazi wake ankadandaula kuti anzake a m'gulu la chipereganyu, limene Axhosa amati umgalelo, akumufunsa kuti kodi ndalama analandira zija zinalowa pati. Chikalata chitatuluka m'dzina la mayi, iwo analembetsa wilo yakuti nyumbayo idzakhale ya ana atatu mofanana. Mkamwini anagula kope la sukulu, ndipo m'menemo amamata lisiti lililonse la simenti, malata ndi misomali, alamu ake n'kumasainira pansi pa tsamba. Kopelo silimupatsa nyumba. Limangoteteza kuti tsiku lina ana ake asadzauzidwe kuti bambo awo anangodya ndi kugona pakhomopo.

Ntchito yeniyeni inayambira kudenga. Denga lakale linali la asibesitosi, zipepala zotuwa zokhala ngati simenti zimene zinafoleredwa pa nyumba zambiri za m'makomboni. South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008, pambuyo pa imfa za anthu ambiri m'madera a migodi monga Prieska ndi Kuruman. Denga lotere likakhala lathunthu silivuta kwenikweni. Choopsa ndi fumbi lake likasweka, likachekedwa, likabooledwa kapena likakwechedwa ndi bulashi ya waya: tiulusi take timakhazikika m'mapapo, ndipo matenda amadzaonekera patapita zaka 20 kapena kuposa. Anyamata a mumsewu anadzipereka kuti aligwetsa ndi hamala tsiku limodzi pa mtengo wochepa, ndipo mnansi wina anapempha zidutswa kuti akatchingire khola la nkhuku. Mmisiriyu anakana zonse ziwiri. Malamulo amafuna kuti ntchitoyi igwiridwe ndi kontilakitala wolembetsedwa, ndipo banjalo linalipira, ngakhale kuti ndalama yake ikanagula matailosi a nyumba yonse. Anthuwo anabwera atavala zophimba mphuno, ananyowetsa zipepalazo, anazimasula chimodzichimodzi osaswa, anazikulunga m'mapulasitiki n'kupita nazo.

Pofolera latsopano anaganizira adani awiri. Woyamba ndi mchere wa m'nyanja, umene umadya malata otchipa m'zaka zochepa. Anagula okhuthala, okutidwa bwino. Wachiwiri ndi mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene imaomba nthawi yotentha, yonyamula mchenga ndi madenga omwe. Mitanda anaimangirira ku khoma ndi zingwe zachitsulo zolowa m'mizere ingapo ya mabuloko, osati kungoisanjika pamwamba n'kutsendereza ndi miyala ndi matayala monga achitira ambiri. Amene anaonapo denga la sukulu litauluka ndi mphepo ya mvula yoyamba ku Salima kapena ku Nsanje akudziwa kuti nthawi zambiri malata amapita pamodzi ndi mitanda yake, chifukwa cholephera ndi mfundo ya pakati pa denga ndi khoma. Tsiku lokweza mitanda mlamu uja anabwera osaitanidwa, atavala ovolosi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa tsikulo mwambiwu unali ntchito yeniyeni ya manja.

Nzeru ya siling'i anaitenga ku Kuyasa, dera lina la Khayelitsha. Kumeneko nyumba zoposa 2,300 zimene boma linamangira anthu osauka pambuyo pa 1994 zinakonzedwanso pa ntchito imene khonsolo ya Cape Town inayambitsa mogwirizana ndi bungwe la SouthSouthNorth. Mu 2005 ntchitoyi inakhala yoyamba mu Africa kulembetsedwa pansi pa ndondomeko ya United Nations yogulitsa mpweya woipa umene wapewedwa, ndipo pofika 2010 nyumbazo zinali zitalandira zinthu zitatu: thanki yotenthetsa madzi ndi dzuwa, mababu osadya magetsi ambiri, ndi siling'i yotchinga kuzizira. Alendo obwera kudzaona ankajambula mathanki a padenga chifukwa ndiwo amaoneka. Mnzake wina wokhala kumeneko anamuuza kuti chimene chinasintha tulo ta ana ake ndi siling'i. Kutentha kwa m'nyumba sikuthawiranso kudenga, nthunzi sikumananso ndi chitsulo chozizira, ndipo palafini wogula amachepa. Denga la udzu la kumudzi limachita ntchito yomweyi popanda kulipira. Tikalichotsa n'kuika malata opanda siling'i timagula ng'anjo ya mwezi wa Okutobala ndi chisanu cha mwezi wa Juni, n'kumati tatukuka.

Zotsatira zinayenda mofulumira. Khoma la chuku analigoba, analimata pulasitala kunja, n'kulipaka penti yosalowa madzi. Kuzungulira nyumba anathira simenti yotsetsereka kuti madzi azithawa maziko. Anakulitsa windo la kuchipinda cha mayi ndi kuboola timabowo ta mpweya pamwamba pa makoma. Mawaya a magetsi, amene kwa zaka zambiri ankangolumikizidwa apa ndi apo mpaka kukafika ku chisakasa cha kuseri, anaitanira wamagetsi wa satifiketi kuti awayale mwatsopano. Anthu a ku Khayelitsha saiwala moto wa pa 1 Januwale 2013 umene unapsereza zisakasa mazanamazana ku BM Section n'kusiya anthu zikwi alibe pogona. Mliri wa Covid-19 utatseka dziko mu Marichi 2020 ntchito inaima miyezi ingapo, chipinda chatsopano chili pa msinkhu wa windo, ndipo ndalama ya zitseko inagula ufa.

Pa chitseko chakutsogolo mayi anakana. Chinali chathabwa, chofufuma ndi chinyezi, chokhala ndi chigamba cha lata pamene china chake chinachimenya kalekale. Mwana wawo anali atasankha kale chatsopano cha galasi. Mayiwo anati chitseko chimenecho ndi chimene mwamuna wawo anatsegula ndi kiyi mu 1985, ndiponso ndi chimene anaimapo mu 2008. Mkamwini anachichotsa, anachipala, anadula m'munsi mowola n'kulumikiza thabwa lina, ndipo anachiika pa chipinda cha mayiwo m'kati mwa nyumba, kumene mvula siifika. Kutsogolo kunalowa chagalasi chija, kumbuyo kwake kuli chitseko cha zitsulo.

Nkhani imene sinathe mpaka lero ndi ya kuseri kwa nyumba. M'Khayelitsha monse anthu akugwetsa zisakasa za kuseri n'kumanga zipinda za lendi, ena mpaka zosanjikiza, ndipo ndalama yake imaposa penshoni ya boma ya okalamba. Mlamu akufuna zipinda zinayi. Koma pamalopo pali dimba la mayi. Mchenga wa ku Cape Flats ndi woyera, wosagwira madzi, wopanda chakudya, ndipo kuti ubale kanthu pamafunika manyowa chaka ndi chaka. Mayiwa anaphunzira zimenezi ku bungwe la Abalimi Bezekhaya, limene lakhala likuthandiza alimi a m'makomboni a Cape Town kuyambira 1982, ndipo dothi lakuda limene lili pamenepo analipanga okha ndi ndowe, makoko a mbatata ndi masamba kwa zaka zoposa 20. Mkamwini anawonjezamo maungu chifukwa cha nkhwani, ndipo denga latsopano lija analiikira ngalande zothira m'thanki, pokumbukira chilala cha 2018 pamene munthu aliyense mumzindawo ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku. Mlimi aliyense amvetsa chifukwa chake mayiwa amati chipinda mungamange mwezi umodzi koma dothi ayi. Amvetsanso mlamu, yemwe ana ake akufuna fizi. Pakadali pano agwirizana zipinda ziwiri kumbali imene dzuwa silifika bwino, ndipo mapulani ake akudikira ndalama.

Pali mtengo wina umene mkamwiniyu walipira umene suli m'kope lake la malisiti. Ku Dedza mayi ake omubereka akugonabe m'nyumba yofolera udzu, pambali pa njerwa zimene iye anaumbitsa ndi kuotcha zaka zapitazo, zomwe tsopano zamera ndere. Abale kumudzi amalankhula. Amati anapita ku Joni kukamangira apongozi, amati wasanduka mtchona. Amalume ake samuseka monga kale, amangofunsa kuti, "Mphwanga, mlongo wanga adzalowa liti m'nyumba ya malata?" Funsoli alibe nalo yankho lokoma, pakuti ndi loona. Ndalama ya mmisiri wolipidwa pa tsiku siingafolere madenga awiri nthawi imodzi, ndipo iye anayamba ndi limene ana ake akugona pansi pake.

Matailosi analowa pomalizira, m'khitchini ndi pabalaza pokha. Kuzipinda kukadali simenti yopaka polishi wofiira. Ndalama ya chipereganyu ya ulendo wotsatira ndi ya mkazi wake, ndipo iye mwini ananena pamaso pa mayi ake ndi mchimwene wake kuti imeneyo ipita ku Dedza. Mwamuna wake watumiza kale uthenga kwa mmisiri wa kumudzi wonena kutalika kwa zingwe zachitsulo zomangira mitanda, ndiponso kuti asiye mpata wa siling'i ngakhale yamphasa.